Humidipak ya kampani ya D'Addario ndiyofunika ngati muli ndi gitala ku Phoenix

Abale amene muli ndi gitala ya acoustic (yolira popanda magetsi) kuno ku Arizona, ku America, musaisiye pakhoma chonde. Mu June chinyezi masana chimatha kutsika mpaka pansi pa 10% pomwe thabwa la gitala limafuna 45 mpaka 55%, ndiye likauma limanyala, pamwamba pa gitala pamalowa mkati, mawaya amayamba kukhudza ma fret (tizitsulo topingasa tija tapakhosi la gitala) nkumalira njererere ndipo nsonga za ma fret zimatuluka mmbali kumakukanda chala, mapeto ake thabwa kung'aluka basi.

Ine ndimagwiritsa ntchito Humidipak ndipo ndaikonda kwambiri. Ndi timapaketi titatu tofewa, tiwiri mumakoleka pakati pa mawaya kulowetsa pabowo la gitala, kamodzi kumutu kwa gitalayo, kenako kutseka kesi (bokosi losungiramo gitala). Simuthira madzi ngati zosungira chinyezi zina za siponji zomwe zimatha kudonthera mkati, tokha timasunga chinyezi pa 45 mpaka 50%. Timapaketito tikauma gwa ndiye kuti tatha, mugule tina, ndipo kuchipululu kuno timatha msanga ndiye ndalama imatulukako ndithu. Koma kesi ikhale yolimba yotseka bwino, kachikwama kansalu sikasunga kanthu.

Amene mukufuna kugula gitala yoyamba, ya thabwa lomatamata ija amati laminate imapirira kuuma kuposa ya thabwa lathunthu losamata ija amati solid, yambani ndi imeneyo.