Windows kapena Linux pa laputopu yakale?

Anzanga kuno ku Luwinga amandifunsa kuti pa laputopu yakaunjika tiikepo chani. Windows ndi yomwe tonse tinazolowera, Word ndi Excel zimayenda bwinobwino, ukapita kokapulinta mtauni palibe vuto, koma Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025 ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo kachitetezo komwe makina ambiri akale alibe.

Linux ndi yaulere, sulipira layisensi. Ine ndinaika Linux Mint, mtundu umodzi wa Linux, pa yanga, aise, fani yomwe inkalira ngati chigayo inangoti zii, laputopuyo imayakanso msanga. Chovuta ndi bandulo yoidawunilodira, komanso LibreOffice, pulogalamu yomwe imagwira ntchito ya Word ndi Excel pa Linux, nthawi zina imasokoneza matebulo a mu fayilo ya Word, ndiye asayimenti uziisunga ngati PDF.