Kufunsidwa ndi Mabwana Kapena ndi Apolisi: Ufulu wa Woyang'anira Akaidi ku United States

Ku United States, woyang'anira akaidi amene akuganiziridwa kuti wamenya mkaidi kapena walowetsa mankhwala ozunguza bongo m'ndende angafufuzidwe m'njira ziwiri, ndipo ufulu wake sufanana m'njira ziwirizi.

Pa kafukufuku wa kuntchito, mabwana angamulamule kuyankha mafunso okhudza ntchito yake, ndipo akakana akhoza kuchotsedwa ntchito. Chomuteteza ndi chigamulo cha khoti lalikulu la dzikolo pa mlandu wa Garrity v. New Jersey mu 1967, pamene apolisi ena anaopsezedwa kuti ataya ntchito akapanda kuyankha. Khotilo linagamula kuti mawu olankhulidwa mokakamizidwa chotere sangagwiritsidwe ntchito pozenga munthu mlandu wa upandu. Komabe chitetezochi n'chochepa kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa mawu omwewo angamuchotsetse ntchito, ndipo akanama angaimbidwe mlandu wa bodzalo. M'madera ambiri membala wa bungwe la ogwira ntchito angaitanenso womuimira wa bungwelo, mfundo yochokera ku mlandu wa Weingarten wa 1975, koma ayenera kupempha yekha.

Pa kafukufuku wa upandu ali ndi ufulu wokhala chete ndi wofunsira kwa loya, koma chilichonse chimene anene mwa kufuna kwake chingakhale umboni kukhoti. Mlandu wa Gardner v. Broderick mu 1968 unatsimikiza kuti sangachotsedwe ntchito chifukwa chokana kutaya ufulu wokhala chetewu.

Ngozi yaikulu, mmene ndikuonera, imakhalapo mafunso akayamba asanauzidwe kuti ndi a mtundu uti, choncho asanayankhe afunse poyera ngati akulamulidwa kutero, ndipo yankho la ofufuzawo lilembedwe.