Castlevania Anniversary Collection: ndalama yanga inagwira ntchito pa gemu ya ku Japan

Mtolo uwu uli ndi magemu 8, koma ine ndinaugula pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, chifukwa cha imodzi basi: Castlevania III. Gemu imeneyi inkandiliza ndili mwana, pa TV ya amalume, ndipo Dracula anatsala nayo ngongole yanga. Konami, kampani yopanga magemuwa, inatulutsa mtolowu mu May 2019, ndipo pasanapite nthawi inawonjezamo mwaulere magemu omwewo monga anatulukira ku Japan. Ndinkaganiza kuti kusiyana kwake ndi zilembo zokha. Ndinadzinamiza.

Usiku woyamba ndinasewera ya ku America ya 1990, yomwe ndimaidziwa, ndipo ndinafa malo omwe ndinkafera kale. Kenako ndinatsegula ya ku Japan, Akumajō Densetsu ya December 1989. Ndisanamenye ngakhale chigoba chimodzi, khutu linali litandiuza kale kuti pano ndi pena. Nyimbo ndi zomwezo, koma zonenepa, besi ikudumira pansi ngati m'gulu mwalowa woimba wina. Mkati mwa katiriji ya ku Japan munali kachipu ka Konami kotchedwa VRC6, komwe kamawonjezera mawu atatu pamwamba pa asanu a Famicom, makina osewerera magemu a Nintendo a ku Japan. NES, yomwe ndi Famicom ya ku America, sinkatenga mawu ochokera m'katiriji, ndiye kumeneko anaikamo kachipu kena, MMC5, n'kuzipeputsa nyimbozo kuti zikwane. Sikuti anaziwononga ayi, anayesetsa ndithu. Koma ukamva za ku Japan pa mahedifoni, m'nsanja ya wotchi ija magiya akuzungulira, kubwerera kumavuta.

Pamwamba pa nsanja yomweyo ndi pomwe umapulumutsa Grant, mkulu uja wokwera makoma ndi kuyenda pa denga ngati buluzi. Zaka zonsezi ndinkamuona ngati wachabechabe pa ndewu, chifukwa ku America ali ndi kampeni kakafupi, kobaya mdani amene wafika kale pamphuno. Akafuna kuponya mpeni, amadya mitima yomwe umatolera m'njira kuti ulipirire zida zoponya. Ku Japan kuponya mpeni ndiye dzanja lake la tsiku ndi tsiku, amaponya mpaka kutsidya osalipira kanthu. Ndinamupachika pa khoma, n'kumagenda mafupa ali kutali, ndikuseka ndekha pakati pa usiku. Munthu yemweyo, zovala zomwezo, koma wina ndi mlenje, wina ndi wosenda mbatata.

Chomwe chinandikhazika pansi kwenikweni ndi kapwetekedwe. Ku Japan, moyo umene umataya umadalira chimene chakugunda: kamleme kamachotsa pang'ono, chilombo chachikulu chimachotsa zambiri. Zomveka. Ku America zimadalira kuti wafika pati. Chakumapeto, kanthu kalikonse kakakukhudza, Trevor, mwini nkhani yemwe umayamba naye gemuyi, amataya timizere ta moyo 4 pa 16, ndiye kugundidwa kanayi basi, maliro. Kamleme ndi Dracula mtengo wake umodzi! Ndipo Dracula uyo umalimbana naye m'maonekedwe atatu. Ukafa ku Japan umadzukira pansi pa masitepe opita kuchipinda chake. Ku America amakubweza kumbuyo, uyendenso ulendo wonse, ufike uli wotheratu. Ndiye amalume aja ankandiseka kuti ndili ndi zala za nsima, pamene vuto silinali langa ndekha. Mwina okonzawo anamva chisoni pang'ono, chifukwa m'gemu ya ku America ukalemba dzina lako kuti HELP ME amakupatsa miyoyo 10. Ndinayesa, zimathekadi.

Zina ndi zazing'ono. Trevor ku Japan dzina lake ndi Ralph. Ziboliboli zamaliseche ku America anaziveka nsalu, ndipo Medusa anamuphwetsa chifuwa, chifukwa Nintendo ya kumeneko inali yokhwima pa zoterezi. Izi mumangoona n'kudutsa. M'magemu enawo kusiyana kulipo koma sikunandigwire chimodzimodzi, kupatula Belmont's Revenge ya Game Boy, momwe ku Japan umaponya mtanda pomwe ku America umaponya nkhwangwa. Simon's Quest (Castlevania II) ya ku Japan mu mtolowu mulibe.

Musanagule dziwani izi. Magemu a ku Japan amalankhula Chijapani, palibe kumasulira. Kwa Castlevania III sizipweteka, nkhani yake ndi yochepa, ndipo wina akakufunsa ngati ungamutenge pa ulendo, mayankho ndi awiri okha. Mutha kusunga pomwe mwafika nthawi iliyonse, koma malo osungira ndi amodzi pa gemu iliyonse, ndiye musasunge muli m'mwamba mukugwera m'dzenje ngati ndinachitira ine. Pezaninso padi. Ndinayesa pa kiyibodi ya laputopu, masitepe aja anandigonjetsa. Ubwino wake mtolowu ndi wopepuka, laputopu yanga yokalambayi sinatenthe n'komwe.

Loweruka kunabwera mwana wa achemwali anga, wa zaka 11. Ndinamupatsa ya ku America kaye osamuuza kanthu. Patapita mphindi 20 anaika padi pa tebulo. "Amalume, gemu imeneyi ndi yankhanza." Ndinamusinthira ya ku Japan. Anafika nayo mpaka kwa Grant, ndipo mayi ake atabwera kudzamutenga anachita kumukoka, padi ili m'manja.