Drill yaing'ono ya SDS-Plus m'malo opanikiza: mmene yagwirira ntchito patapita miyezi

Drill ya batire ya 12V ya mtundu wa SDS-Plus, yobowolera konkire, imene ndinagulira malo opanikiza ndakhala nayo miyezi yochuluka tsopano, ndipo ndinganene molimba mtima kuti pa mabowo a 6 ndi 8 mm ndi yabwino zedi, pa 10 mm imayesetsa, koma kupitirira apo musaivutitse. Ntchito yanga yambiri ndi yomangirira mapaipi ndi mawaya kuseri kwa matanki, pansi pa masitepe ndiponso pakati pa bimu ndi khoma, pomwe drill yaikulu singalowe n'komwe.

Chimene chimaipambanitsa si kufupika kokha ayi. Drill wamba yokhala ndi hamala imagogoda pogwiritsa ntchito timbale tiwiri ta mano tomwe timakhulana, choncho imafuna kuti munthu uikankhe ndi thupi lonse. Nanga utagona chammbali, dzanja limodzi lokha litalowa kuseri kwa thanki, mphamvu zokankhirazo uzitenga kuti? Ya SDS-Plus ili ndi pisitoni imene imapanikiza mpweya n'kumenya biti (kachitsulo kobowolera) kumbuyo, ndipo bitiyo imatsetsereka yokha m'mizere yake. Iwe ntchito yako ndi kungoigwira kuti isapendeke. Kagwiridwe ka biti kameneka anakayambitsa a kampani ya Bosch mu 1975, ndipo tsinde lake ndi la 10 mm, moti biti ya SDS-Plus ya kampani iliyonse imalowa. Mphamvu ya kumenya kwa yangayi ndi pafupifupi joule imodzi (muyezo wa mphamvu), pomwe zamagetsi zapakatikati zimafika 2 kapena 3. Kusiyanako umakumva pa konkire yakale youma gwa: bowo limatheka, koma modekha.

Ambiri amandifunsa za kachida kokhota kaja komangirira kutsogolo kwa drill kuti ibowole chopingasa. Ndili nako, ndipo pomanga masikuluwu m'ngodya sindikasiya. Pa konkire n'kungotaya nthawi. Mkati mwake muli magiya awiri ang'onoang'ono otembenuza kuzungulira kokha, kugogoda sikudutsa. Biti imangotentha, nsonga n'kuda bii, bowo osayenda.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi kuyeza malo. Sikuti ungoyeza kutalika kwa drill, uyenera kuphatikizapo biti. N'chifukwa chake mabiti aafupi a 110 mm, amene amabowola pafupifupi 50 mm, ndi omwe amatha msanga m'bokosi langa. Bowo likafunika lakuya ndimayamba ndi yaifupi, kenako ndimatenga ya 160 mm, n'kuilowetsa kaye yokha m'bowomo, ndiyeno n'kubweretsa drill kumbuyo kwake mpaka italira kuti khethe. Potulutsa ndimamasula drill kaye, biti pambuyo. Zimenezi zimatheka ndi dzanja limodzi chifukwa palibe kiyi yomangira. Musabowole chopendeka pofuna kupeza malo: bawuti yake simakhala bwino, ndipo chinthu cholemera chikapachikidwa imapindika.

Zofooka zilipo ndithu. Batire laling'ono la 2 Ah limatha msanga pa konkire yolimba, koma lalikulu la 4 Ah limatupitsa chogwirira, mwakuti m'malo ena enieniwo limagunda khoma. Ndimayenda ndi ang'onoang'ono awiri. Ukabowola mabowo ambiri motsatizana mutu wa drill umatentha mpaka kufuna kupumitsa. Ikakumana ndi chitsulo cha mkati mwa konkire imangolira osapita patsogolo, ndipo biti ya mano awiri imakodwa n'kukupotola dzanja, zomwe pamalo opanikiza zimatanthauza zala kumenya khoma. Ya mano anayi siikodwa kawirikawiri. Komabe chitsulo cha mu bimu si chodula, ndi bwino kusuntha bowo.

Fumbi ndiye mdani weniweni, wa makina ndi wa munthu yemwe. Pobowola cha m'mwamba limagwera m'kamwa mwa drill, ndipo kalabala kotchinga pamenepo kanga kayamba kung'ambika. Chiyambireni kupukuta tsinde la biti ndi kupakapo girisi pang'ono, biti sinakakamirenso. M'malo opanda mpweya fumbilo limangozungulira kumaso, ndipo lili ndi silika amene amawononga mapapo pang'onopang'ono osachira. Chigoba chosefa fumbi cha mtundu wa FFP3 ndi magalasi sindivula ngakhale bowo likhale limodzi.

Pafupi ndi ngodya kapena m'mphepete mwa konkire, komwe malo opanikiza amakonda kutikakamiza, bawuti zofufuma mkati zimang'amba konkireyo. Pamenepo ndimagwiritsa ntchito masikuluwu a konkire, bowo nditalipemerera bwino ndi kapampu kuti fumbi lituluke.

Drill yaing'onoyi ikadzafa ndidzagula ina yonga yomweyi, koma yanga yaikulu yamagetsi sindiigulitsa. Mabowo a 12 mm kupita m'mwamba ndi ake.