Kumsewu kapena kukhoti: mayankho awiri a okonda mfuti ku America

Pa 24 Malichi 2018, achinyamata anadzaza misewu ya Washington pa zionetsero za March for Our Lives zofuna malamulo okhwima a mfuti, anthu 17 ataphedwa ndi mfuti pasukulu ina ku Parkland, Florida. Zikatere, amene amati kusunga mfuti ndi ufulu wawo amayankha bwanji?

Ena amatuluka nawonso. Ku Richmond, Virginia, pa 20 Januwale 2020, anthu pafupifupi 22,000 anasonkhana kukana malamulo atsopano, ambiri mfuti zili paphewa masanasana. Palibe anawombera. Koma tangoganizani: mbali ino ana akulira anzawo, mbali inayo abambo avala ngati asilikali. Munthu wapakatikati mtima wake upita kuti? Ndipo chaka chomwecho Virginia inakhazikitsabe lamulo loti munthu azigula mfuti yaing'ono imodzi yokha pamwezi, ngakhale loletsa mfuti zikuluzikulu linagwa.

Njira inayo ilibe phokoso. Bwanamkubwa Rick Scott atasayina lamulo loti wogula mfuti ku Florida akhale wa zaka 21, bungwe la NRA, lomenyera ufulu wosunga mfuti, linakasuma tsiku lomwelo. Kukhoti zimachedwa, maloya amadya ndalama, ndipo si mlandu uliwonse womwe amapambana. Komabe zipatso zazikulu anakolola kumeneko. Mu 2008, pa mlandu wa Heller, khoti lalikulu linagamula kuti munthu ali ndi ufulu wosunga mfuti kunyumba. Mu Juni 2022, patangotha mwezi ana 19 ataphedwa pasukulu ina ku Uvalde, Texas, mlandu wa Bruen unafikitsa ufuluwo kunja kwa nyumba, oweruza 6 kugonjetsa 3.