Zaka 16 pa chiwongolero, koma ku England anandimata L

Alamu anga a ku Chilomoni anandiimbira pa WhatsApp sabata yatha. Mapepala awo a ulendo wa kuno ku England akuoneka kuti atheka, ndipo funso lawo loyamba silinali la nyumba kapena la chisanu. Anati, "Alamu, nanga laisensi yangayi ikagwira ntchito kumeneko?" Ndinali pa shifiti ndiye ndinangowayankha mwachidule. Yankho lenileni ndi lalitali, n'chifukwa chake ndati ndilembe kuti ndi ena omwe akulongedza zikwama amve nawo.

Ndinafika ku Milton Keynes mu Malichi 2023. Kumudzi ndinali dalaivala wa kampani ina ku Blantyre kwa zaka 16. Msewu wa Zalewa ndinkaudziwa ngati khonde la nyumba yanga, mapiri otsikira ku Chikwawa ndawatsika usiku mvula ikugwa, ngozi osachitapo ndi imodzi yomwe. Kuno ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Pa tsiku umayenda makomo asanu ndi awiri kapena kuposa, ndiye popanda galimoto ntchitoyi ndi chilango. Nditangolandira malipiro a miyezi iwiri ndinagula kagalimoto kakale, n'kuyamba kuyendetsa ndi laisensi yanga ya ku Malawi. Lamulo limalola. Amayendanso kumanzere ngati kwathu, chiwongolero chili kumanja, ndiye ndinati apa palibe chachilendo.

Chomwe sindinachimvetse bwino n'chakuti chilolezo chimenechi n'cha miyezi 12 yokha, kuwerengera tsiku lomwe unayamba kukhala m'dziko muno. Ikatha, laisensi ya ku Malawi imasanduka chikumbutso cha m'chikwama. Kapepala ka intanashonolo komwe ena amadula asananyamuke sikawonjezera ndi tsiku limodzi lomwe. Anzathu a ku Zimbabwe ndi a ku South Africa ali ndi mwayi, chifukwa mayiko awo ali pa mndandanda wa omwe amangosinthitsa laisensi popanda mayeso. Malawi palibe, Zambia palibenso. Ife timayambira pansi, mzere umodzi ndi ana a sukulu.

Anandidzutsa ndi mkulu wina wa kutchalitchi mu Okutobala, tikumwa tiyi mapemphero atatha. Anandifunsa kuti, "Achimwene, thiyore munalemba?" Ndinati ndidakali ndi nthawi. Anatenga foni n'kuyamba kundiwerengera. Munthu saloledwa kulemba mayeso asanakhale m'dziko muno masiku 185. Ndiye pa miyezi 12 ija, isanu ndi umodzi yoyamba imangopita. Yotsalayo uyenera kukhoza thiyore, kenako kupeza tsiku la mayeso a pamsewu, pomwe chitheretu Covid mzere wake ndi wa miyezi. Ine ndinali nditadya kale miyezi isanu ndi iwiri ndili phee.

Usiku womwewo ndinafunsira laisensi ya wophunzira pa intaneti. Amapereka ndi a DVLA, ofesi yawo ili ku Swansea, ndipo ndinalipira £34. Imabwera pa positi, kakhadi kobiriwira. Yeniyeni ndi ya pinki. Kusiyana kwa mitunduku ndinakuloweza bwino chifukwa kobiriwirako ndinakhala nako pafupifupi chaka.

Thiyore ndi £23, ndipo imalembedwa pa kompyuta. Mafunso ndi 50, uyenera kukhoza 43 m'mphindi 57. Amenewa ndi owerenga basi, buku la Highway Code ndi pulogalamu ya pafoni zimakwanira. Gawo lachiwiri ndi lomwe limagwetsa madalaivala akale. Amakuonetsa timavidiyo 14 ngati uli pa chiwongolero, ndipo umadina ukaona chinthu chomwe chingakuchititse kuponda buleki kapena kukhota. Pamafunika 44 pa 75. Poyeserera kunyumba ndinkalephera, osati chifukwa chosaona, koma chifukwa choona msanga. Munthu wozolowera Limbe, mwana akangoima m'mbali mwa msewu umadziwiratu kuti adumpha. Ndinkadina nthawi yowerengera isanayambe, kompyuta n'kundipatsa ziro. Ukadinanso mwachisawawa imati ukubera. Ndinaphunzira kudina kamodzi, kupuma pang'ono, n'kudinanso. Mu Disembala ndinakhoza. Tsiku la mayeso a pamsewu lomwe ndinapeza linali la mu Meyi 2024, patadutsa miyezi iwiri chilolezo changa chitatha.

Alipo omwe amangopitiriza kuyendetsa miyezi 12 itatha, amati ndani aone. Ine sindinayerekeze. Magalimoto a apolisi kuno ali ndi makamera owerenga nambala, ndipo laisensi ikakhala yosayenera inshuwalansi nayo ikhoza kukukana. Galimoto amalanda pomwepo. Komanso munthu wokhala ndi viza ya ntchito safuna dzina lake lizimveka kukhoti. Kagalimoto kaja ndinakaimika pakhomo n'kuyamba kuthamangira mabasi. Maola anga kuntchito anachepa, ndipo ndalama zotumiza kwa amayi ku Thyolo zinachepa nawo. Chemwali anga ankaganiza kuti ndayamba moyo wa kuno.

Tsopano ndinene za mwana wanga wamkazi. Mu Januwale 2024 anakwanitsa zaka 17, msinkhu womwe munthu amaloledwa kuyamba kuyendetsa galimoto kuno. Kusukulu kwawo nkhani inali imeneyi, aliyense akufuna makiyi. Ine ndinali ndi maganizo akwathu, akuti mwana wamkazi wa sekondale ndi galimoto wapi ndi wapi. Amayi ake ndi omwe anandigonjetsa. Anati m'nyumba muno tikufunika madalaivala awiri, ndipo mwanayu ubongo wake ndi wofewa. Tinapeza mphunzitsi mmodzi, mayi wachizungu wocheperako msinkhu kwa ine, £38 pa ola. Loweruka ankayamba ndi mwana, kenako bambo.

Ola langa loyamba sindidzaliiwala. Ndinamuuza kuti ine ndikungofuna andionetse misewu ya mayeso, kuyendetsa ndimatha. Anangogwedeza mutu. Titayenda mphindi 20 anandiuza kuti ndiime pambali, anatsegula kabuku kake n'kuyamba kuwerenga. Chiwongolero ndagwira ndi dzanja limodzi, linalo lagona pa giya. Potsetsereka ndachotsa giya kuti galimoto izingoyenda yokha. Ndinamuuza kuti kwathu timatero populumutsa mafuta, munthu ukagonapo pa filing'i siteshoni masiku awiri umadziwa mtengo wa dontho. Anaseka, koma anati pa mayeso chimenecho ndi cholakwa chifukwa galimoto simukuilamulira. Ndinaphethirira magetsi galimoto ina kuti ilowe, n'kukodola gogo wina ndi dzanja kuti awoloke. Ulemu umenewo anaukananso. Akuti ukakodola munthu, iye amakhulupirira iwe n'kusiya kuyang'ana, ndiye ikamugunda ya mbali inayo wamupereka ndiwe.

Chachikulu chinali magalasi. Ine ndimayang'ana magalasi, koma ndi diso lokha, mutu uli chilili. Iye anati woyesa sangaone diso lanu, ayenera kuona kuti mwayang'ana. Galasi lapakati, la m'mbali, indiketa, kenako kukhota. Ponyamuka m'mbali mwa msewu uyenera kutembenuka ndithu, kuyang'ana kuseri kwa phewa, chifukwa wanjinga amabisala pomwe galasi silifika. Kwa masabata angapo ndinkadzimva ngati nkhuku yomwa madzi. Mwana wanga zonsezi sizinamuvute ngakhale pang'ono. Analibe choti aiwale. Akauzidwa kuti galasi kaye, kwa iye kuyendetsa n'komweko. Ine ola lililonse la £38 linkathera kuzula zomwe zinamera zaka 16.

Milton Keynes ndi mzinda wa maraundabauti, alipo oposa 100. Misewu ikuluikulu anailemba H ndi V, ndipo yambiri liwiro lake ndi mamailosi 60 kapena 70 pa ola, pakati pa tauni. Umachoka pa raundabauti ina, kukwera magiya mpaka pamwamba, usanapume ina yafika. Pa Ginnery Corner nthawi ya m'mawa, ukadikira kuti msewu uyere ufika kuntchito masana, ndiye umalowetsa mphuno pang'onopang'ono mpaka wina akuchitire chisoni. Mphuno imeneyi ndi yomwe inandigwetsa.

Mayeso a pamsewu ndi £62 mkati mwa sabata, £75 madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ndipo galimoto ya mphunzitsi umalipira padera. Amayamba n'kukuuza kuti uwerenge nambala ya galimoto yomwe ili pa mtunda wa mamita 20. Kenako funso limodzi la galimoto, ine anandifunsa momwe ndingadziwire kuti matayala sanathe. Mu 2024, mukatero munkayenda pafupifupi mphindi 40, ndipo theka lake unkatsatira kamakina kolozera njira wekha. Tizolakwa ting'onoting'ono amalola mpaka 15. Cholakwa chachikulu chimodzi chokha, basi zathera pomwepo, ngakhale woyesayo sakuuza mpaka mutabwerera.

Ndinayendetsa bwino tsiku limenelo, sindikudzitama. Ndinapaka chobwerera m'mbuyo kamodzi n'kamodzi. Titatsala pang'ono kufika, pa raundabauti ina, ndinaona mpata kutsogolo kwa vani yoyera. Ku Blantyre mpata umenewo mungalowe minibasi ziwiri. Ndinalowa. Vaniyo sinalize hutala, inangochepetsa liwiro pang'ono, ndipo ndinaona cholembera cha woyesa chikugwedezeka. Titaima anandiuza mwaulemu kuti sindinakhoze. Tizolakwa tiwiri tokha, ndi chachikulu chimodzi: ndinachititsa galimoto ina kuponda buleki. Palibe kukambirana, palibe kupepesa, ndipo za "tionane kumbali" musaziganize n'komwe, mungagone m'chitokosi. Amakuuza kuti udikire masiku 10 ogwira ntchito usanabwerezenso, koma masiku 10 ndi a papepala. Tsiku lotsatira lomwe linapezeka linali mu Sepitembala.

Mwana wanga analowa mayeso mu Julayi. Anakhoza ulendo woyamba, tizolakwa titatu. Anatuluka m'galimoto akuvina ndi satifiketi m'manja, n'kunena kuti, "Adadi, musadandaule, ndizikakusiyani kuntchito." Ndinamuyamikira ndi mtima wonse, koma pakhosi panali kanthu.

Ndipo anachitadi. Tchuthi chonse cha chilimwe ankadzuka 6 koloko kukandisiya pa khomo loyamba, m'kagalimoto kanga komwe. Kundiphunzitsa sakanatha, chifukwa wokhala pambali pa wophunzira ayenera kukhala wa zaka zoposa 21 ndiponso woti wakhala ndi laisensi zaka zitatu. Ndiye ine ndinkakhala kumanzere, phazi likufufuza buleki pomwe palibe. Inshuwalansi yake inaposa mtengo womwe ndinagulira galimotoyo, ngakhale tinavomera kuti aikemo kabokosi kowerenga momwe akuyendetsera. Kabokosiko kamauza kampani akathamanga, akaponda buleki mwadzidzidzi, ngakhale akayenda usiku kwambiri. Palinso lamulo la 1995 la madalaivala atsopano: ukapeza mapointi 6 a chilango m'zaka ziwiri zoyambirira, laisensi amalanda, ubwerere ku thiyore. Kugwira foni ukuyendetsa ndi mapointi 6 omwewo ndi £200. Mwana yemwe foni saisiya ngakhale pa nsima, akalowa m'galimoto amaiponya yekha kumpando wakumbuyo.

Tsiku lina m'mawa tinafika pa raundabauti ija. Ndinaona mpata, pakamwa panatseguka kuti ndinene "lowa". Iye anadikira. Inadutsa yoyamba, yachiwiri, yachitatu, kenako analowa bwinobwino osasokoneza aliyense. Ndinayang'ana wotchi. Tinataya masekondi osakwana 10.

Mu Sepitembala ndinakhoza, tizolakwa tinayi. Khosi linandiwawa masiku awiri chifukwa chotembenuka. Nditawerengera zonse, maphunziro, mayeso awiri ndi maola omwe ndinataya kuntchito, ndinasiya kuwerengako pakati.

Alamu aja anafunsanso ngati si bwino kungoyesa pa otomatiki kuti zithe msanga. Ambiri ogwira ntchito ngati yanga akutero, ndipo sindiwanena. Kungoti ukakhoza pa otomatiki, laisensi yako ndi ya otomatiki yokha, ya magiya suloledwa kuigwira. Ndawauza kuti pulogalamu ya thiyore aiike pafoni adakali ku Chilomoni, aziyeserera magetsi akayaka, ndipo kuyambira mawa akamapita m'tauni dzanja lamanzere lichoke pa giya.