Lenzi ya 55-250mm: atombolombo a ku Likhubula anasiya kundithawa

Lenziyi ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo yatha miyezi 9 ili pa kamera yanga. Ndinkafuna yojambulira mbalame, koma zimene zandikoka mtima ndi agulugufe ndi atombolombo.

Pogwiritsa ntchito kalenzi kakafupi kobwera ndi kamera kaja, ndinkachita kukwawa kuti ndiyandikire gulugufe. Mthunzi wanga ukangomugwera, uyo wauluka. Iyi imayamba kuona bwino chinthu chikakhala pa masentimita 85, ndiye ndimaima patali pang'ono, n'kuikoka mpaka 250mm, kachilomboko osadziwa n'komwe kuti pali munthu. Mavu ndi njuchi ndimazijambula mtima uli m'malo.

Pamene yandisangalatsa kwambiri ndi m'mbali mwa mtsinje wa Likhubula, panjira yopita ku Dziwe la Nkhalamba. Tombolombo ali ndi khalidwe lake: akasankha kamtengo kapena nsonga ya mwala, amauluka n'kubwereranso pomwepo. Ndiye ine ndimangokhala pansi, kulozetsa lenzi pa kamtengoko, n'kudikira. Tsiku lina wofiira anabwerera kasanu konse, ndipo pachithunzi timitsempha ta m'mapiko mwake tikuoneka bwinobwino, madzi a kumbuyo atasungunuka kukhala mtundu umodzi wosalala. Mwana wanga anachiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Adadi, mapikowa ndi a galasi?"

Lenziyi ndi yopepuka, sindiimva kulemera pokwera phiri. Koma ikakokedwa yonse, kanjenjemera kakang'ono ka dzanja kamaonekera, choncho liwiro la shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) sindilitsitsa pansi pa 1/500 ya sekondi, makamaka kukakhala kamphepo kogwedeza udzu. M'mamawa kusanafunde ndiye nthawi yabwino, tizilombo timakhala tisanachangamuke.

Zofooka zilipo. Pa 250mm kabowo kake kolowera kuwala kamatseguka mpaka f/5.6 basi, moti m'mitengo yowirira mumachita mdima, ISO (mphamvu ya kamera yoonera mumdima) imakwera, chithunzi n'kukhala ndi timchengamchenga. Pakakhala masamba ambiri, focus imasochera, kutanthauza kuti kamera imalephera kulunjika pa chimene ndikujambula, ndimachita kupotokola ndi dzanja. Nyerere ndi tizilombo tina ting'onoting'ono musavutike nato, timeneto timafuna lenzi ya macro, yojambulira pafupi kwambiri.

Anzanga a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, samalani ndi chiperoni. Chinyontho chimameretsa nkhungu m'kati mwa galasi. Yanga ndikabwera nayo koyenda ndimaipukuta, n'kuisunga m'kontena yotseka bwino yokhala ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyontho.

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Loweruka likubwerali ndikupita nayo m'mphepete mwa minda ya tiyi kukasaka anunkhadala.